Andisankha Kukhala "A IT" a pa Chitakale

Kuofesi kwathu pa Chitakale anthu amanditcha "a IT". Sukulu ya makompyuta sindinapondeko. Udindowu ndinaupeza tsiku lina nditasolola pepala lomwe linakakamira mu printa, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi waya ndi changa, mpaka ketulo.

Chaka chino abwana anagula malaini awiri a intaneti, ina ya Airtel ina ya TNM, pamodzi ndi router yotha kulandira onse awiri. Anandiuza kuti: "A IT, muwaphatikize kuti liwiro likhale kawiri." Ndinayankha kuti "chabwino bwana" mwaulemu wonse, ngati munthu woti akudziwa.

Nditafunsa mwana wa mlongo wanga yemwe amaphunzira ku MUBAS, ndinamva kuti router imeneyi ndi bambo wamitala. Sigona nyumba ziwiri usiku umodzi, imangogawa masiku. Imelo ya a kalaliki ipita pa laini iyi, WhatsApp ya amesenjala pa laini inayo. Koma fayilo imodzi yaikulu imayenda njira imodzi basi, liwiro lake ndi lomwelo. Ubwino weniweni ndi woti laini ina ikagwa, monga zimachitikira chiperoni chikatsika kuchokera ku Sapitwa, router imakankhira anthu onse ku yotsalayo, ntchito osaima.

Chovuta chinabwera ndi mayi akawunti. Webusaiti ya banki ikaona kuti munthu walowera pa adiresi ya intaneti ina kenako watulukira pa ina, imamuyesa wakuba ndipo imamutulutsa. Malipiro athu anachedwa, ndipo anzanga anasiya kundipatsa moni. Mankhwala ake ndi kumangirira kompyuta yawo pa laini imodzi mpaka kalekale. Ndinatero, ndipo ndinakhululukidwa pa tsiku la malipiro.

Ndinaphunziranso kugawa katundu molingana ndi mphamvu: laini yothamanga itenge magawo awiri, yochedwerapo gawo limodzi. Komabe bandulo imatha pakati pa mwezi. Wolakwa si router. Ndi achikulire ena a pakona omwe amaonera zigoli za Bullets ndi Wanderers pa YouTube, nkhope ili ndwii ngati akulemba lipoti. Dzina sinditchula, amandibwereka ndalama ya kabaza.

Tsopano abwana amva kuti Starlink inalowa m'dziko muno mu 2023, ndiye akufuna laini yachitatu. Adalaivala athu, omwe foni yawo imagwira Movitel ya ku Mozambique akafika pa Muloza, akuti tiwonjezerenso imeneyo.

Abwana, ndikupempha pagulu pano: tisanagule laini ina, tigule kaye batire kapena sola ya router. Malaini onsewa amadutsa mu kabokosi kamodzi, ndipo magetsi akathima, onse amagona pamodzi.