Nyanga ya Nsatsi Yogula ndi Madola

Akuluakulu amene adatsogola, amene ena mafupa awo ali ku Dedza ndi ku Ntcheu ndipo ena tidawaika konkuno m'manda a kukomboni ku Chakari, adatisiyira mwambi wakuti mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Ndipo ine, amene ndakhala ndikuutchula mwambiwu zaka zambiri pa milandu ya ana a eni, uku ndikugwedeza mutu monga munthu wodziwa zakuya, sindidalote konse kuti lidzafika tsiku lakuti mwambi womwewo udzandiimika m'sitolo ku Kadoma, chipewa kukhwapa, ndikuwerenga madola a ku Amereka ndi zala zonjenjemera.

Tiyambe taulemekeza mwambiwo, pakuti eni ake sadali opusa. Nsatsi imamera yokha padzala, popanda woibzala kapena woipalira; phesi lake n'lamphako, ndipo munthu wa mpeni wakuthwa akhoza kusema kanyanga koliza fodya wa pamphuno asadamuyetsemulitse n'komwe. Mwana aliza m'mawa, aliza masana mpaka nkhuku zisamuke pabwalo; dzuwa likapendeka kanyanga kafota, mawu atha, ndipo mwanayo adziphunzira yekha popanda chikoti. Kholo silidataye kanthu koma kamphindi. Sukulu yotsika mtengo chotere sidzaonekanso pansi pano.

Tsono mdzukulu wanga, mnyamata wa zaka 15 wa Fomu 3, wobadwira kuno, amene amanditcha sekuru natcha kalulu tsuro monga anzake a Chishona, sadalirire nsatsi. Adalirira mfuti ya mpweya, imene anyamata aitcha peleti gani. Adaiona pafoni, m'manja mwa anyamata a ku England ogona chafufumimba pa udzu wometa bwino. Ndipo pofuna kuti pempho lake livale jekete, adalikulunga m'chifundo cha pa nyemba zathu. Pakuti tili ndi kadimba m'mphepete mwa imodzi ya mapulazi aja adagawidwa chiyambire 2000, ndipo n'zoona kuti akalulu amadza usiku nadya nyemba ndi kabichi zikangodzutsa mitu, mwaulemu ndi mwadongosolo, mzere ndi mzere, monga okhometsa msonkho. "Sekuru," adatero, "mukandigulira, nyemba zipulumuka, ndipo ndiwo ya nyama sidzasowa m'nyumba muno." Sindidamvepo mlaliki wolonjeza zambiri chotere ndi mpweya wokha.

Bwalo lidakhala. Atsibweni ake, amene mwa mwambo wathu ndiwo eni mbumba ngakhale mbumbayo amaiweta pa WhatsApp ali ku Joni, adavomera msanga, popeza chipolopolo cha ku Chakari sichifika ku Johannesburg, natumiza theka la ndalama. Mayi a kunyumba, aNaphiri, adakana kwamtuwagalu. Ine, pofuna kudula mlandu monga nduna ya pabwalo, ndidatsokomola kawiri ndi kutulutsa mwambi wanga wa nsatsi. Iwo adandiyang'ana nthawi, mthiko uli m'mwamba, nati, "ABanda, nsatsi idaboolapo diso la munthu liti?" Ndidayankha kuti mawu a akulu akoma akagonera. Iwo adati awonso agonera pamodzi ndi anga, tidzaone amene adzadzuke.

Zosaka si zachilendo pa mtundu wathu. Bambo anga adafika kuno m'masiku a Chitaganya, pamene Kadoma adali Gatooma ndipo Chegutu adali Hartley, maina amene adasinthidwa mu 1982. Nalowa pansi pa mgodi wa golide wa Dalny, monga anzawo ambiri a ku Nyasaland amene zidzukulu zawo zivinabe gule wamkulu m'makomboni a kuno. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankasaka akalulu ndi agalu awiri owonda ndi chibonga, ine ndili pambuyo ndi thumba. Mfuti yanga idali legeni ya mphira wa chubu cha njinga, ndipo pamtima ndinkadziyesa Davide, ngakhale Goliyati wanga wamkulu adali pumbwa. Mfuti za mpweya ndidaziona ndithu, koma kupyolera mu waya wa mpanda, m'manja mwa ana a azungu a kumayadi akuwombera njiwa. Ndipo ndinkaima pamenepo nthawi yaitali, mchere umene adandituma uli m'manja. Koma izo n'zakale, sizikhudza nkhani ino.

Kadoma ali pa mtunda wosakwana makilomita 40, ndipo kumeneko ndidaphunzira zimene ndikadayenera kufunsa ndisadatsokomole pabwalo paja. Mfuti imeneyi ilibe wonga. Munthu amaithyola pakati monga athyola nzimbe pabondo, ndipo pothyolapo apanikiza sipuling'i yolimba ili m'kati. Akakoka kachitsulo ka pachala, sipuling'iyo imasuka nikankha mpweya, mpweyawo nukankha kachipolopolo ka mtovu kakang'ono ngati njere ya mapira. Timapeleti timeneti tili mitundu iwiri yodziwika, ta mamilimita 4.5 timene tiuluka mowongoka, ndi ta 5.5 timene timenya molemererapo. Wogulitsa, munthu woona mtima kuposa m'mene malonda ake afunira, adandiuza kuti kupha kalulu ndi chida chotere kufuna kulasa pamutu, pakamalo kochepa ngati ndalama yachitsulo, ndiponso uli pafupi, mapazi 30 kapena kucheperapo. Ukalasa pena kapena uli kutali, wangovulaza cholengedwa cha Mulungu chikafere kuthengo. Ngakhale ku England komweko, kumene mdzukulu wanga adatolera chilakolako, mnyamata wosakwana zaka 18 saloledwa kugula yekha mfuti yotere. Mtengo wake, pamodzi ndi kachitini ka timapeleti, udafanana ndi wa mbuzi ziwiri zonona. Apo ndi pamene ndidazindikira kuti nsatsi ya masiku ano imabwera ndi lisiti, ndi kuti chimene chidayamba kufota ndi thumba langa.

Chinanso chimene foni sidamuuze mwanayo n'chakuti kalulu wa ku England ndi kalulu wa ku Chakari ndi a dzina limodzi chabe, monga a Phiri awiri okumana pabasi. Uja wa kunja akumba mauna nakhala mwaunyinji monga anthu a m'komboni, ndipo madzulo atuluka nakhala tsonga pakhomo pake, kudikira wojambula. Wathuyu sakumba una. Agona yekha pansi pa chitsamba, makutu atawapinda, khungu lake lofanana ndi udzu wouma, osapuma n'komwe mpaka utatsala pang'ono kumuponda. Pomwepo avumbuluka pamapazi pako nakhotakhota ngati munthu wothawa angongole atatu nthawi imodzi. Ndiye mwini nthano uja adakana kukumba nawo chitsime koma madzi namwa, amene adapusitsa njovu ndi mkango, ndipo adagwidwa ndi kamba yekha, nyama yodziwa kukhala chete. Kwa wotere tidatumiza mnyamata amene sangathe mphindi zisanu osayang'ana foni.

Komabe, popeza ndidali nditasema nyanga, ndidaika malamulo monga Mose, ngakhale anga adalembedwa pa katoni. Mfuti idzagona m'chipinda changa, timapeleti m'thumba la jekete langa. Sidzaloza kumene kuli nyumba, msewu kapena munthu, ingakhale yopanda kanthu m'kati. Sadzawombera pamwala, pakuti mtovu ukamenya cholimba umanjanja nubwerera kumene sudatumidwe, ndipo dziko la migodi lino ndi la miyala. Sadzawombera chinthu chifukwa chakuti chagwedeza udzu. M'tchire la kuno mwadzala maenje ndi makorokoza ofuna golide usiku ndi usana, ndipo amenewo si anthu owapepesa kawiri. Sadzadumpha malire a dimba lathu osapempha, popeza lamulo la nyama zakutchire la 1975 lidaika nyama m'manja mwa mwini malo amene zilipo. Ndipo asadaloze chamoyo chilichonse, ayambe walasa bokosi la machesi pa mapazi 25, kasanu motsatizana.

Masabata atatu mfuti idalira kuseri kwa nyumba, ndipo bokosi la machesi lidakhala pamtendere umene dziko lapansi silingathe kupatsa. Chimene chidagwa pankhondoyo ndi ndowa ya mayi a kunyumba, imene idaimirira mikono iwiri kumanzere, yosalakwa konse. Iwo sadanene kanthu. Adangoiika pakhomo pa chipinda changa, chibowo chikuyang'ana ine. Koma ndiyenera kuchitira umboni kuti sabata lachinayi mwanayo adayamba kulasa. Adaphunzira kugwira mpweya wake, kutsamiza tsaya pamalo amodzi, ndi kukoka chala pang'onopang'ono monga munthu wochotsa munga. Ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndidamuona atakhala chete.

Tidapita kudimba ndi chisisira. Masiku awiri tidadyetsa udzudzu wokha, akalulu nadya kabichi wa kumbuyo kwathu. Tsiku lachitatu mmodzi adatulukira kumapeto kwa mzere wa nyemba, patali kuposa muyeso uja, ndipo ndisadatsegule pakamwa mfuti idati phwa. Kapeleti kadalowa m'ntchafu. Amene sadamvepo kalulu wovulala akulira sangadziwe kuti amalira ngati khanda. Kulira kumeneko kudadzaza dimba lonse, nyamayo ikudzikoka kulowa m'udzu, mpaka galu wa mnansi adaipeza namaliza ntchito imene ife tidaiyamba moipa. Usiku umenewo ndiwo ya nyama idalowadi m'nyumba monga mwa ulosi, koma mneneri mwini wake adadyera nsima masamba a maungu, maso ali pansi. M'mawa mwake adandipatsa mfuti ndi manja awiri, nafunsa ngati atsibweni angatumize ndalama ya waya uja wa maso ang'ono, wa khola la nkhuku. Adauzunguliza yekha dimba lonse, m'munsi naukwirira m'dothi. Mtengo wake sudafike pa mbuzi imodzi, ndipo nyemba za chaka chino tadya ife.

Ndidayenda sabata lathunthu chifuwa chili patsogolo, ndikuuza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe kuti akuluakulu sanama, nyanga yafota m'manja mwa mwini wake. Mfuti idatsala m'chipinda changa, yopakidwa mafuta, yosafota ngakhale pang'ono. Ndipo kudali tsiku lina madzulo, mwezi uli mbee, anthu onse atalowa m'nyumba, pamene ndidaganiza kuti chinthu chogula ndi mbuzi ziwiri sichiyenera kuchita dzimbiri. Ndidaimika bokosi la machesi pachitsa, ndidawerenga mapazi 25, ndipo ndidatsamiza tsaya langa pamene ndidaona ana a kumayadi akutsamiza awo zaka 60 zapitazo. Chimene chidayankha mumdimamo ndi ndowa yatsopano.

Chitseko chidatseguka pang'onopang'ono. ANaphiri adayang'ana madzi akuyenderera pabwalo, nayang'ana ine, mfuti ili m'manja, magalasi ali pamphuno.

"ABanda," adatero mofatsa, "kodi nyanga ija mudasemera yani?"