Chitunda cha ku Cobh nachonso chipatsidwe ulemu

Otsatsa malonda okopa alendo ku Ireland akafika pa tauni ya Cobh amathamangira nkhani ya Titanic, yoti pa 11 April 1912 chombocho chinaima komaliza padokoli n'kunyamula anthu 123. Amatamanso tchalitchi cha St Colman ndi mabelu ake 49. Koma wantchito wakhama kuposa onse m'tauniyi, amene salandira ndi zikomo yemwe, ndi chitunda.

Cobh anaimanga pamalo otsetsereka kulowa m'nyanja, pachilumba cha Great Island, kufupi ndi mzinda wa Cork. Sitima zikuluzikulu za alendo zimakocheza mmunsi mwenimweni mwa tauni n'kukhuthula anthu amene atha masiku akungodya ndi kugona. Chitunda chimawalandira onse mofanana, osafunsa pasipoti kapena za m'thumba. Pofika pakatikati pa msewu wa West View, bwana wamkulu wa kampani amakhala ali wefuwefu, jekete lili m'manja, thukuta kamukamu, akunamizira kuti waima dala kuti aone nyanja. Dokotala amalipiritsa kuti auze munthu mmene mtima wake ulili. Chitundachi chimamuuza zomwezo ulere, ndipo sichinyengerera.

Nyumba 23 zamitundu yowala za mumsewuwu, zomwe amazitcha Deck of Cards, zikanamangidwa pachidikha bwenzi zili mdadada wamba. Chitunda ndicho chinazisanja ngati masitepe, iyi kusuzumira denga la inzake, mpaka kutchuka pazithunzi. Ndipo wofuna chithunzi chotchukacho, cha nyumbazi tchalitchi chili kumbuyo, akwerenso mpaka ku Spy Hill, akatukule foni pamwamba pa mpanda, ajambule zomwe maso ake sakuona.

Pa zauzimu chitunda chimathandizanso ansembe. Ntchito yomanga St Colman inayamba mu 1868 n'kudya pafupifupi zaka 50, ndipo tchalitchicho anachikhazika pamtunda ndithu. Wofika pakhomo pake mawondo amakhala atalobodoka kale, moti kugwada sachita kumuuza.

Alipo ochinyoza, makamaka okankha njinga ya mwana kapena okoka sutikesi mvula ikuwaza, ndipo ku Cork mvula sisowa. Amenewo akumbuke Sonia O'Sullivan, mwana wa ku Cobh komweko, amene anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa mamita 5,000 mu 1995, n'kudzapatanso mendulo ya siliva ku Olympics ya ku Sydney mu 2000. Iye anamuumbira chiboliboli m'tauniyi. Chitunda chimene chinamulera miyendo sanachiikire ndi kachikwangwani komwe.

Sitima yapamtunda yochokera ku Cork imatenga mphindi pafupifupi 25 ndipo imatsitsa anthu mmunsi, m'mphepete mwa madzi. Wopita kumeneko gogoda asiye kunyumba.