Ndakonza galimoto, chatsala ndi msewu

M'mudzi mwathu muno pa Chisi, munthu amene ali ndi galimoto ndine ndekha. Musafulumire kuwomba m'manja, abale anga. Chisi ndi chilumba. Kuti mufike kuno mumachoka ku Zomba, n'kudya fumbi mpaka pa doko la Kachulu, kenako n'kukwera bwato. Ndiye funso lomwe aliyense amandifunsa ndi lomwelo lomwe mwayamba kale kudzifunsa: galimotoyo idawoloka bwanji?

Nkhani yake idayamba mu 2018, chaka chomwe nyanja ya Chilwa idaphwa. Pa Kachulu mabwato adangoti mbwee pamatope ong'aluka, anthu n'kumabwera ku Chisi wapansi, ena panjinga. Chaka chomwecho alamu anga adatulukira kuchokera ku Joni ndi kagalimoto kofiira, Citi Golf. Ataona kuti pomwe padali madzi pali dothi, adati: “Alamu, lero anthu adziwe kuti ku Joni sitidapite kukaothera dzuwa.” Theka la ulendo galimoto idayenda yokha. Theka linalo idayenda ndi mphamvu za anyamata khumi ndi awiri omwe mpaka lero akudikirabe malipiro awo. Idafika itadzola matope mpaka m'magalasi, alamu n'kuiimika pansi pa mlambe wa apongozi ngati ng'ombe ya chiwongo.

Mitambo itayamba kuda ndidawachenjeza. “Alamu, tulutsani galimotoyi, mvula yayandikira.” Iwo amvekere: “Tidye kaye Khirisimasi.” Khirisimasi itatha adati tidikire dothi liume. Dothi silidaume. Mu March 2019 kudabwera chimvula cha Idai, nyanja n'kubwerera pamalo pake osagogoda. Alamu adanyamuka pabwato ndi kachikwama kamodzi, n'kundisiyira makiyi ndi mawu amodzi okha: “Ndikubwera.” Munthu wa ku Joni akati ndikubwera, inu pitirizani kulima.

Patapita zaka zitatu adatumiza uthenga pa WhatsApp kuti galimotoyo ndiitenge, bola ndipereke mbuzi ziwiri kwa amalume awo. Ndidapereka. Mbuzizo zidali za mayi a kunyumba. Paja ine ndine mkamwini, kuno changa chenicheni ndi khasu ndi chipewa.

Ndikadangoisiya kuti iole mwamtendere pakadapanda mnyamata wina wa makaniko wa ku Zomba yemwe adabwera kudzagula matemba. Adaizungulira kawiri, n'kupukuta fumbi kumbuyo ndi chala, n'kuimba mluzu. “Bwana, mukudziwa chomwe mwakhalira? Iyitu ndi CTi.” Chibadwire palibe adanditchulapo bwana. Mawu amenewo ndi amene adandidyera ndalama za malata.

Mnyamatayo adandiphunzitsa mbiri yonse. Golf yoyamba Azungu a ku Germany adaitulutsa mu 1974, ndipo mu 1976 adabweretsa yaliwiro yotchedwa GTI, kagalimoto kakang'ono kamtima wa mkango. Eni ake atapita ku maonekedwe atsopano, a ku South Africa adakakamira yakaleyo. Kuyambira 1984 mpaka 2009 adakhala akuipangabe ku Uitenhage pa dzina loti Citi Golf, ndipo mu 1990 adaikamo injini ya 1.8 yopopera mafuta popanda kabureta, n'kuitcha CTi. “Ikakwiya, bwana, imafika cha m'ma 180.” Ine nditamva 180 nzeru zidachoka. Sindidafunse kuti 180 imeneyo tidzathamangira kuti.

Ntchito yoyamba idali yothamangitsa alendi. Pampando wakumbuyo nkhuku ya apongozi idali itaswerapo mibadwo inayi. M'buti mudali mavu. Pansi pa boneti makoswe adali atamanga mudzi wathunthu, mfumu ndi nduna zake zomwe, ndipo mawaya onse adali atawadya ngati chinangwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mavu sadachoke mwaulemu. Ndidatha sabata diso limodzi lili chitsekere, ana n'kumandithawa panjira.

Kenako dzimbiri. Nyanja yathuyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amangothiramo, madzi n'kumachoka ndi dzuwa lokha, mchere n'kumatsala. Mlamba umakondwa nazo, koma chitsulo ayi. Tsiku loyamba kukhala pampando wa dalaivala ndidagwira chiwongolero monyadira, n'kuponda kilachi. Phazi lidapitirira mpaka kukagunda dothi la apongozi. Ndidakhala choncho kwa kanthawi, mwendo uli kunsi kwa galimoto, ndikuganizira za moyo wanga.

Makaniko adabweranso patatha mwezi, atanyamula thumba la masipanala, akunjenjemera ndi mafunde. Masiku atatu oyamba sadagwire chitsulo chilichonse. Adati akuimvetsera kaye galimoto, uku akumaliza mlamba wowamba wa m'nyumba mwanga. Tsiku lachinayi adachotsa mapulagi, n'kuthira oyilo m'mabowo onse anayi, n'kunena kuti tidikire sabata chifukwa mapisitoni adagwirana ndi dzimbiri. “Mukaikakamiza, bwana, mphete zithyoka.” Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabatayo adaitheranso pa mlamba wanga. Koma kunena zoona, tsiku lachisanu ndi chitatu atakoka sipanala yaikulu, injini idatembenuka pang'ono, n'kulira ngati chitseko chakale. Ndidavina ndekha pansi pa mlambe.

Mndandanda womwe adandilembera udali wautali kuposa wa zofunika pa chinkhoswe. Thanki itsukidwe chifukwa petulo akakhalitsa amasanduka phala lonunkha. Pampu ya mafuta yafa. Lamba wa injini wauma, akaduka galimoto ikuyenda mulira. Mabuleki akakamira. Mapaipi a rediyeta akungofumbutuka. Matayala onse anayi ang'aluka ngati zidendene za mlimi. Batire ndiye musanene, adali atasanduka chopondera cha ana.

Ndidanyamuka ulendo wa ku Blantyre kukasaka masipeya: bwato mpaka Kachulu, kabaza, minibasi, kenako wapansi m'tinjira ta ku Ndirande komwe chitsulo chilichonse chomwe chidapangidwapo padziko chimapezeka. Ndidasankha nthawi yabwino kwambiri, sabata yomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo womwe adandiuza m'mawa pofika masana udali utabereka. Ndidagula pampu, n'kubwerera monyadira osafunsa aliyense. Makaniko adangoiyang'ana kamodzi. “Bwana, iyi ndi ya Golf ya kabureta. Yanuyi imafuna yamagetsi.” Safunsa adadya phula. Ulendo womwewo ndidauyenda katatu, moti woyendetsa bwato adayamba kundisungira malo.

Wowotcherera adabwera ndi jenereta yake pabwato lapadera, lolipira ine. Pansi pa galimoto adamatapo zigamba za mgolo womwe mayi a kunyumba ankasungiramo madzi. Penti tidapaka madzulo kuti dzuwa lisaiwononge, osakumbukira kuti madzulo pa Chilwa ndi nthawi ya eni nyanja. M'mawa tidapeza udzudzu wosawerengeka utamatirira pa boneti, miyendo m'mwamba. Mpaka lero ukadali pomwepo. Alendo akafunsa ndimati ndi penti yamakono, ya ku Joni.

Kunyumba nako kudali moto. Usiku wina mayi a kunyumba adandifunsa mofatsa, kufatsa kwake koopsa kuja: “Bambo a mwana, ndalama za malata zija zili kuti?” Ndidati zili pabwino. “Pabwino pake pati?” Ndidati m'giyabokosi. Sadayankhe. M'mawa mvula ikudontha pamphasa, adangonditengera bulangete n'kukaliika pampando wa galimoto. “Kagoneni m'malata anu.”

Apongozi ndiye, monga mwa mwambo, salankhula nane maso ndi maso. Iwo amauza nkhuku. Ndikamadutsa amawaza madeya n'kumati: “Idyani ana anga, nyumba yanu adakulandani. Ena amabweretsa ukonde pakhomo, ife adatibweretsera wopukuta zitsulo.” Nkhuku n'kumandiyang'ana ndi diso limodzi, kuvomereza.

Tsiku lalikulu lidafika. Petulo ndidabwera naye m'kachigubu ka malita asanu, nditagona pamzere ku Zomba pakati pa eni magalimoto enieni. Mudzi wonse udasonkhana, ngakhale anyamata khumi ndi awiri aja adabwera, mwina poganiza kuti pagawidwa ndalama. Ndidatembenuza kiyi. Kete. Kachiwiri. Kete kete. Makaniko adati batire wachepa mphamvu, ikankhidwe. Anyamata aja adapinda manja n'kunena kuti ngongole ya 2018 ithe kaye. Adakankha ndi ana asukulu.

Idatsokomola kamodzi, kawiri, kenako vuuu! Chiutsi chakuda chidakwera mpaka m'nthambi za mlambe, mbuzi zidadula zingwe, ndipo khoswe womaliza adatuluka mu ekizozi ngati chipolopolo. Amayi adalulutira. Ngakhale apongozi adaiwala mwambo n'kundiyang'ana. Ndidaika giya yoyamba. Ndidaika yachiwiri. Ndikuti ndifufuze yachitatu, kutsogolo kudali miyala, kumanzere munda wa eni, kumanja nyanja. Ndidaponda buleki. Muvi wa liwiro udafika pa 25. Galimotoyi ili ndi magiya asanu, koma atatu enawo ndimangowamvera mbiri.

Ndidayesa kukambirana ndi eni mabwato kuti timange awiri pamodzi, tiyale matabwa, tiiwolotse. Mkulu wawo adaiyang'ana, n'kuyang'ana bwato lake, n'kundifunsa: “Achimwene, galimoto yanuyi imatha kusambira?” Nkhani idathera pomwepo.

Apa m'pamene ndidayamba masamu oipa. Nyanjayi idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, kenako 2018. Kuchoka pa koyamba kufika pa kachiwiri ndi zaka 27, kuchoka apo ndi zaka 23. Ndidawerenga zala n'kupeza kuti msewu wanga udzatsegulidwa ndili ndi ndodo, mano atatha, maso osaona ngakhale chikwangwani. Komanso namondwe wa Freddy adali atabwera kale mu March 2023 n'kudzaza nyanja mpaka m'minda. Ndidayamba kudana ndi mitambo. Tsiku lina pabwalo la bawo pakamwa padandipulumuka: “Kodi nyanjayi iphwanso liti?”

Bawo idaima. Gogo wina yemwe adaona kuphwa konse kutatu adandiyang'ana nthawi yaitali. “Mkamwini, mu 1995 mudali kuti? Ife kuno tidadya zomwe mbuzi zimakana. Mu 2018 amuna adasiya nkhafi n'kukwera phiri kukatentha makala, mitengo n'kutha. Inu mukupempherera zimenezo chifukwa cha chitsulo?” Kenako adaponya funso lomwe lidandithyola msana: “Nanga pampu yanuyo mudagula ndi ndalama za chiyani?”

Za matemba. Pampu, lamba, matayala, penti ya udzudzu, mlamba wa makaniko, zonse zidachokera m'madzi omwewo omwe ndinkafuna aphwe. Nyanja ikadzaza ndili ndi ya petulo koma ndilibe msewu. Ikaphwa ndidzakhala ndi msewu koma wopanda ya petulo. Ndidanyamuka pa bawo paja mwakachetechete, chipewa chili m'manja.

Masiku ano galimoto yanga ili pa ntchito zina. Pamaliro imawalitsa nyale usiku wonse. Mafoni a mudzi wonse amadyera pa batire wake. A mfumu akafuna msonkhano amatuma mwana kuti ndilize hutala. Mwezi watha idanyamula mkwatibwi kuchokera pa mlambe mpaka pa tchalitchi, mtunda womwe operekeza oyenda pansi adafika msanga n'kumatidikira. Nkhuku ya apongozi idabwerera pampando wakumbuyo, ndipo tidagwirizana kuti Loweruka lokha ndiye izituluka.

Tsono nyanja idzaze, abale, idzaze ndithu, ine ndalapa. Koma ngati pakati panu pali wofuna Citi Golf CTi yofiira, injini yabwino, magiya atatu osagwirapo ntchito, bwerani pa Chisi mufunse kwa mkamwini wa galimoto, mwana aliyense akulozerani. Mtengo tidzakambirana pansi pa mlambe, kuyambira pa mbuzi ziwiri ndi mgolo umodzi. Za kawolotsedwe mudzaona nokha.