Filimu ndi ya Mwana Wanga, Koma Ine Ndimangonyamula Beseni

Azungu ali ndi mafilimu ena omwe mulibe karate, mulibe galimoto yogubuduzika, mulibe ngakhale mfiti youluka pa lichero. Muli bambo, mayi ndi khanda basi, ndipo nkhani yonse ndi kukanganirana kaleredwe ka khandalo mpaka wina mutu kusokonekera. Kuvidiyo ya pa Nsaru filimu yotere singathe mphindi khumi anyamata asanayambe kuitanitsa ndalama zawo, koma kwawoko amapatsana nayo mphoto.

Ina mwa izo ndi Hungry Hearts ya mu 2014, yomwe anakonza Mtaliyana wina, Saverio Costanzo. Anabwera nayo pa laputopu ndi mlamu wanga wophunzira, n'kumandimasulira uku akutafuna mtedza wanga wambewu. Adam Driver ndi Alba Rohrwacher akusewera ngati banja la ku New York. Mwana atabadwa, mayi akukana kumupatsa nyama, sakhulupirira madokotala, ndipo safuna kuti atuluke naye panja. Dokotala akuuza bambo kuti mwana sakukula bwino. Bambo uja akuyamba kuzemba ndi mwana, kukamudyetsa nyama mobisa m'tchalitchi. Driver ndi Rohrwacher onse awiri analandira mphoto ku Venice chaka chomwecho. Kuno kwathu Shemu Joyah anapangako Seasons of a Life, momwe wantchito wapakhomo akulimbirana mwana ndi abwana ake mpaka kukhoti, koma kumeneko n'kulimbirana mwini mwana. Zokanganirana phala sindinaonebe wazijambula.

Mlamu wanga ankamvera chisoni khanda lija. Ine ndinkasirira bambo wake. Munthu akutsutsa za mwana wake, ndipo m'nyumba monse muli munthu mmodzi yekha woti atsutsane naye!

Ine ndili pa chikamwini m'mudzi wina kuseri kwa Kabudula. Chisamba chathu chinabadwira ku St Gabriel's ku Namitete, chipatala chomwe masisitere a ku Luxembourg anayambitsa mu 1959. Atatuluka, mayi ndi mwana analowa m'chikuta kudikira mchombo ugwe, ine n'kupatsidwa mndandanda: sopo, shuga, matewera, zitenje ndi beseni lina lalikulupo. Ndamva kuti chiyambire 2021 lamulo la ntchito limapatsa abambo masabata awiri a tchuthi mkazi akachira. Ine wa kabaza bwana wanga ndi njinga, ndipo ngakhale ikanandipatsa tchuthicho ndikanachithera pansi pa mtengo wa mango, chifukwa pakhomo la chikuta panakhala apongozi.

Okangana kwathu ndi ambiri moti filimu imodzi sangakwanemo. Apongozi akuti mwana wosamwa dawale amalira ndi ludzu, liwombo lifunika mankhwala ake, ndipo m'chiuno musamasowe mphinjiri. Mayi anga anachoka ku Nambuma ndi kolona ndi botolo la madzi odalitsidwa, ndipo ataona kachingwe kaja anangoti "Yesu Maria," n'kukhala chete wa munthu amene adzayankhula mawa. Alangizi a zaumoyo akuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi bere lokha, kuyamwitsa mwakathithi, ngakhale dontho la madzi ayi. Atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, za bere sizikuwakhudza, iwo anangobwera kudzatchula dzina. Mwana ali ndi maina atatu tsopano, ndipo langa lija ndimamuitana motsitsa mawu tikakhala awiri.

Katswiri pa onsewa ndi amake mwana. Aliyense amamuyankha kuti "ndamva," atagwada bwinobwino. Tsiku la sikelo mphinjiri imavulidwa tikangodutsa dambo, n'kumangidwa pa mfundo ya chitenje. Pobwerera imavekedwanso pa dambo lomwelo. Akabwera mayi anga, pakhosi pa mwana pamapezeka kamendulo. Munthu ameneyu akanakhala ku Nyumba ya Malamulo bwenzi zipani zonse zikuganiza kuti ndi wawo.

Filimu ija itandilowa m'magazi ndinaganiza zoyankhulapo ngati bambo. Vuto ndi lakuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Ndinanjuta kuseri kwa khola, n'kuitana kamdzukulu kawo.

"Kawauze agogo kuti bambo wa mwana akuti dawale ayambe wadikira."

Kanathamanga, kanabwerera kakupuma wefuwefu.

"Akuti bambo wa mwana wake uti? Yemwe uja sanamalize kufolera khitchini?"

Madzulo ake ndinali pa denga ndi mitolo ya udzu.

Musaganize kuti m'filimu yathuyi ndilibiretu mbali. Ndili nayo, ndipo ndi yaikulu: ndine woganiziridwa. Pa Chichewa chathu mwana asanatengedwe, bambo akayenda njira zokhota, mwanayo amadulidwa, ndiye mdulo kapena tsempho. Choncho mwana akangotsokomola, amayi onse pabwalo sayang'ana mwanayo, amayang'ana ine. Tsiku lina ndinaperekeza wogula fodya mpaka ku Mpingu, tayala linaphulika pobwerera, ndinafika usiku ndikukankha njinga. M'mawa mwake mwana anatsegula m'mimba. Dzuwa lisanafike pamutu ankhoswe anali atakhala kale pa mpando wanga.

"Bambo, tiuzeni zoona, tipulumutse mwanayu."

Ndinawaonetsa chubu chokhala ndi zigamba zatsopano. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti chubu sichiyankhula. Anandipulumutsa ndi alangizi aja, omwe anafunsa zomwe mwana wamwa, n'kupereka Thanzi ndi timapiritsi ta zinki. Pa funso la zomwe wamwa pabwalo panagwa chete, wina anakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Mwana anachira. Wondipepesa ndikumudikirabe, ndipo ankhoswe anapita ndi nkhuku yanga poti anali atayenda kale ulendo.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana, kusikelo anati phala liyambike, ndipo muzikhala nsinjiro, masamba osinja, bonya wopera kapena dzira. Apongozi za dzira anakaniratu. Apa ndinati nthawi ya Adam Driver yakwana. Tchalitchi chathu chili kutali, ndiye ndinasankha kuseri kwa nkhokwe. Ndinaphika dzira kwa mnzanga wogulitsa tchipisi, ndinabwereka mwana ponena kuti ndikukamuonetsa mbuzi, ndinakhala pansi n'kuyamba kusenda. Ndisanafike pa chikasu ndinamva mapazi. Anali apongozi, akubwera kudzatenga kamphika kawo ka mankhwala komwe amabisa pansi pa nkhokwe yomweyo. Maso athu anakumana koyamba chikwatirire. Iwo anathawira kumadzulo, ine kum'mawa ndi mwana kukhwapa ngati mbava ya nkhuku. Dzira anadya galu. Mpaka lero palibe watchula nkhaniyi, ndipo ndikuona kuti ndiwo zanga zayamba kuchulukako.

M'filimu ija mkangano amauthetsa ndi agogo a mwana, mayi wa bambo uja, ndipo amauthetsa ndi mfuti. Nditawafotokozera amake mwana, anangofunsa ngati banjalo linalibe ankhoswe. Kenaka anati:

"Bambo ake, mawa kusikelo mukufunika. Musapite ku kabaza."

Usiku umenewo ndinachapa malaya a ukwati. Ndinakonzeka kuyankha za katemera, za kulemera kwa mwana, za mzere uja wa m'kabuku ka sikelo. Titafika, amake mwana anandigwira dzanja pamaso pa anthu, chinthu chomwe sanachitepo, n'kundikokera kutsogolo. Kusikelo yathu obwera ndi amuna awo amathandizidwa koyamba. Tinatha msanga, sanandifunse kanthu, ndipo ndinanyamula thumba la matewera.

Potuluka, mayi wina wa mudzi woyandikana nafe, amene amuna awo ali ku Joni, anawakokera pambali amake mwana. Ndinamva akufunsa ngati ndili ndi zochita Lachinayi. Amake mwana anayankha kuti ndilibe, koma abweretse sopo.