Zaka za Bulu pa Haymarket

Ndinaima pamalo odikirira basi ku Haymarket, mumzinda wa Leicester, kamvula ka ku Mangalande kaja kakuwaza mosatopa. Madala awiri achizungu anakumanizana patsogolo panga. Mmodzi anaima chilili, kenaka n'kumumenya mnzakeyo paphewa.

"Donkey's years!"

Anaseka mpaka kutsokomola, ndodo zawo zikugundana.

Pambali panga panali mtsikana wovala yunifolomu ya osamalira okalamba, foni ili kukhutu, akulankhula Chichewa chosasakaniza. "Iwe, mawu aja ndawamvanso pompano! Agogo ndimawasamala aja ananena omwewa dzulo, akuti mwana wawo sanamuone zaka za bulu. Kodi bulu amakhala zaka zingati?"

Atadula foni ndinalephera kuugwira mtima. "Pepani achemwali, ndalowerera nkhani ya eni."

Anadzidzimuka, kenaka n'kuseka. "Aa, achimwene, ndinu akumudzi? Ndiye tandiuzani."

Bulu amakhalitsa ndithu. Wosamalidwa bwino amapitirira zaka 30, ena mpaka 40, osati aja okoka ngolo za njerwa kwathu, amene chikwapu chimawakalambitsa msanga. Koma Mngelezi akatchula bulu pamenepa sakuwerenga zaka. Gwero la mawuwa ndi makutu. Ears ndi makutu, years ndi zaka, ndipo m'kamwa mwa anthu wamba mawu awiriwa amamveka ngati amodzi. Kummwera kwa Wales mpaka lero ambiri sawasiyanitsa. Wina wanthabwala anaona makutu a bulu mmene atalikira, basi, nthawi yaitali n'kukhala makutu a bulu. Umu ndi mmene mlembi E. V. Lucas anawalembera m'buku lake la mu 1916, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati. Pambuyo pake makutu anaiwalika, kunatsala zaka.

Ine ndimawakonda mawuwa chifukwa sachedwa pachilungamo. Miyezi isanu ndi zaka za bulu, zaka makumi awiri ndi zaka za bulunso. Sungawalembe m'kalata yofunsira ntchito, ndipo bwana sungamulonjere nawo. Ndi a pamsika, a kubala, a anthu amene anakulira limodzi. Ena amangodula n'kuti donkey's, bulu yekhayekha, omvera n'kumva. Achinyamata sawatchula kawirikawiri, amangoti ages.

"Ndiye ndi 'mwasowatu' wathu uja?" anafunsa.

"Ndi yemweyo. Munthu akakuuzani kuti mwasowa, simutulutsa kalendala."

Anakhala chete, akuyang'ana madala aja, omwe tsopano anali kuwerengerana anzawo amene anatsogola.

"Koma agogo anga aja sanaseke ayi," anatero. "Ananena akuyang'ana pawindo. Ine ndinangoti mwina mutu wayambanso, poti nthawi zina amanditchula dzina la mlongo wawo. Ndinawayankha kuti kuno kulibe abulu."

"Iwo anati chiyani?"

"Anangondigwira dzanja."

Basi yake inafika. Anafunafuna khadi m'chikwama, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"M'buku la alendo la kuntchito kwathu ndimalembamo ndine. Chiyambire ntchito mu Febuluwale, patsamba la agogo aja palibe dzina ndi limodzi lomwe."

Chitseko chinatsekeka, madala aja akadali mkati molembana manambala a foni kuseri kwa risiti yonyowa.