Tsoka Silinunkha, Ndiye Tilinunkhitse

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Mwambiwu timaukonda, koma timaukumbukira mochedwa, denga litagwa kale, mnzathu ali gone kuchipatala, ife tikupukusa mitu. Makolo athu akanagwirapo ntchito mulabotale akanaumaliza bwino: popeza silinunkha, nyamuka ukalisake ndi maso.

Kuno ku Dedza malo ogwira mankhwala ndi zoyezera sitikuwasowa. Ku Bembeke kuli kafukufuku wa mbewu monga mbatatesi, ku Chongoni kuli sukulu ya zankhalango, zipatala zimayeza magazi ndi makhololo, masekondale nawo ali ndi zipinda za sayansi. Sindiloza chala malo alionse, pakuti nthenda ya chipinda cha anthu ambiri ndi imodzi dziko lonse: chilichonse n'cha aliyense, ndiye mwiniwake palibe.

Tsegulani firiji muone. Pamwamba pali timabotolo ta zoyeza, pansi pake kontena ya nyemba za bambo wina. Pachitseko pali botolo la Sobo losalembedwa kanthu, muli zamadzimadzi zoyera mbee. Funsani mwini, aliyense akuti, "Ine ndinalipeza momwemo." Wina akuganiza kuti n'la mtsikana uja ankachita kafukufuku, amene pano ali ndi ana awiri ku Mzuzu. Kenako pamapezeka katswiri wolimba mtima, natsegula, nayandikitsa mphuno. Ameneyo akufuna kutsutsa makolo ndi mapapo ake.

Ikafika Juni ndi Julaye, chifunga chitakuta phiri, boma lathu lokhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 silinyengerera munthu. Mazenera onse amatsekedwa, khoti loyera limasanduka jekete lopitira kumsika, wina n'kulowetsa kambaula "kongofunditsa zala". Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo ngakhale mtundu, womwe umamatirira magazi kuposa oxygen maulendo opitirira 200. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire. Mmalawi weniweni amati ndi malungo, n'kumeza Panado, n'kusendera pafupi ndi mbaula.

Anzathu a ku America anaphunzira ndi maliro. Pa 18 Malichi 1937, sukulu ya ku New London m'chigawo cha Texas inaphulika chifukwa gasi ankatuluka popanda womumva, ndipo anthu pafupifupi 300 anafa, ambiri mwa iwo ana asukulu. Zitatero anakhazikitsa lamulo loti mugasi azithiramo mankhwala onunkha. Fungo lija mumamva silinda ikamadontha n'lochita kuikamo. Anthu anaona kuti tsoka silinunkha, ndiye analinunkhitsa.

Kuyendera labotale ndi ntchito yomweyo. Dzina ndi tsiku pabotolo, chikwangwani pakabati ya asidi, buku lolembamo zowonongeka, zonsezi n'zoti tsoka lidziulule lisanagwire munthu. Malamulo tili nawo: la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo limapatsa oyendera a boma mphamvu zolowa m'malo antchito.

Koma onani mmene timachitira. Mphekesera ikangomveka kuti oyendera akubwera Lachinayi, Lachitatu kumakhala ngati kukubwera apongozi. Pansi pakolopedwa mpaka pansi pa kabati. Chozimitsira moto chomwe chakhala chikutchinjiriza chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo chabwerera pakhoma. M'bokosi la chithandizo choyamba, momwe munali thonje ndi malisiti a mabanzi, mwagwera bandeji yobwereka. Buku loyendera lasainidwa miyezi isanu ndi umodzi madzulo amodzi, bolopeni yomweyo, dzanja lomwelo, inki isanaume. Galimoto ya alendo isanafike n'komwe pa M1, chozimitsira moto chayambiranso ntchito yake ya ulonda pakhomo.

Oyendera tawapusitsa, eya. Nanga waya wosupuka kuseri kwa firiji wamva kuti takhoza?

Kuyendera kothandiza n'kosachititsa kaso. Sabata iliyonse munthu mmodzi, wolembedwa dzina pandandanda, azungulire chipinda kwa mphindi 15. Aone ngati botolo lililonse lili ndi dzina ndi tsiku, ngati asidi ali kutali ndi bulitchi, ngati muvi wa chozimitsira moto uli pobiriwira, ngati pali madzi otsukira m'maso pomwe mpopi wauma, ngati masingano ndi magalasi osweka akulowa m'bokosi lake. Akapeza cholakwika alembe zitatu: n'chiyani, akonza ndani, pofika liti. Pamzere wa "akonza ndani" asalembe kuti "tonse", chifukwa Tonse sanabwerepo kuntchito chilembedwere.

Ndipo bambo wa nyemba uja musamutengere kukomiti. Ingomuuzani, ali mkati mwakudya, zomwe zinali m'kabotolo koyandikana ndi kontena yake. Mawa lake firiji mudzaipeza yosesa.