Miliyoneya wa ku Saigon

Mwamuna aliyense amalakalaka tsiku loti agwire miliyoni m'manja mkazi wake akuona. Langa linandipeza ku Ho Chi Minh City, mzinda wa ku Vietnam umene eni ake ambiri amautchabe Saigon ngakhale dzinali linasinthidwa mu 1976. Mwana wathu wamkazi amaphunzitsa Chingerezi kumeneko, ndipo matikiti a ndege anatumiza ndi iyeyo. Titatera pabwalo la Tan Son Nhat ndinasintha madola 100, anandiwerengera ma dong opitirira 2 miliyoni. Ndinakhosomola dala kuti mayi a kunyumba acheuke. Iwo anangoti, "Bambo, ikani m'thumba, mukutichititsa manyazi."

Mwana ankalawirira kuntchito, ndiye mumzinda tinkayenda awiriwiri, ine patsogolo monga mutu wa banja. Umutuwo unathera pamsewu woyamba. Inu amene mumadandaula ndi akabaza a mu Lilongwe, pepani, simunaone kanthu. Ku Saigon njinga zamoto ziliko mamiliyoni, ndipo zimatuluka ngati linthumbu, pamsewu, m'tinjira, nthawi zina ngakhale poyenda anthu apansi. Njinga imodzi bambo, mayi ndi ana awiri. Ina matileyi a mazira mpaka woyendetsa osaoneka. Kuwonjezera apo amayendera kumanja, choncho ine ndinkayang'ana kumene kulibe ngozi, ngoziyo ikundidzera kumsana.

Mwana anali atatilangiza bwinobwino: polowa mumsewu muziyenda pang'onopang'ono, osathamanga, osaima, osabwerera m'mbuyo, njinga zizikulambalalani zokha. Malangizo otere kwathu timawatcha kudzipha. Ine ndinaima m'mphepete n'kukweza dzanja kuti aime kaye, akulu awoloke. Mnyamata wina wachipewa chobiriwira cha akabaza a kampani ya Grab anandibayibitsa, n'kupitirira. Ndikuti ndicheuke ndiwauze mayi kuti tidikire, ndinawaona ali kale kutsidya. Anangotsata gogo wina wachipewa chosongoka, wonyamula madengu awiri pamtengo wa paphewa, osafunsa ngakhale chilolezo changa. Anawolokanso kubwerera, nandigwira dzanja, nati, "Tsinzinani ngati mukuopa." Chikwatirireni, aka kanali koyamba kuti tigwirane manja pagulu, ndipo mboni zake zinali njinga zamoto.

Chuma changa chinagwa pamsika wa Ben Thanh, umene nyumba yake inatsegulidwa mu 1914, nthawi ya Afalansa. Vuto la ndalama za kumeneko ndi loti zonse zili ndi nkhope ya Ho Chi Minh, mwini dzina la mzindawu, ndipo ya 20,000 ndi ya 500,000 mtundu wake ndi wofananako. Munthu wa magalasi ngati anga amayenera kuwerenga maziro ndi chala. Ine chala ndinachiona chochedwetsa, miliyoneya sawerenga maziro. Ndinagula kokonati wakumwa, ndinapereka pepala limodzi, n'kunyamuka mwaulemerero. Mayi wogulitsayo anatithamangira atanyamula chenji chodzaza m'manja. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mayi a kunyumba, ndipo popanda chilankhulo chilichonse chowagwirizanitsa, ndalamazo anapatsa mayi. Amayi a dziko lonse lapansi ali ndi bungwe lawo limene ife sitidziwa kumene limakumana. Kuyambira tsiku limenelo kachikwama kanasamukira m'manja oyenera, ine n'kumapempha ya khofi.

Khofiyo ndiye musamuderere. Vietnam ndi yachiwiri padziko lonse polima khofi, kutsogolo kuli Brazil yokha, ndipo amamwa wowawa kwambiri, wothira mkaka wa kondensi ndi ayezi. Ndinamwa madzulo. Usiku wonse ndinakhala maso ndikukumbukira ngongole za anthu amene anamwalira kalekale.

Chakudya amadyera panja, pa timipando tapulasitiki tofika m'akakolo. Ukakhala, mawondo amafika m'makutu. Anatibweretsera pho, msuzi wa ng'ombe wokhala ndi tizingwe ta ufa wa mpunga, masamba onunkhira pambali, ndi timitengo tiwiri todyera. Mayi anaonera mtsikana wa patebulo loyandikana n'kuyamba kudya. Ine kachingwe kalikonse kamene ndinkakweza kankabwerera m'mbale kasanafike pakamwa, kena n'kukagona pashati. Nsima sindinaifunse, ndinali nditachenjezedwa. Podzuka pakampandoko panafunika anyamata awiri, ndipo kampandoko kanadzuka nane limodzi.

Tinaona positi ofesi yaikulu imene Afalansa anamaliza kumanga mu 1891. Tinaonanso Independence Palace, kumene akasinja a nkhondo anathyola geti pa 30 Epulo 1975, nkhondo ya ku Vietnam n'kuthera pomwepo. Kumeneko ndinayenda bwino, chifukwa mkati mulibe njinga zamoto.

Kenako woperekeza alendo anatitengera ku Cu Chi, kunja kwa tawuni, kumene asilikali a Viet Cong anakumba mauna otalika makilomita oposa 200 pomenyana ndi Aamerika. Ankagona momwemo, kuphika momwemo, odwala kuchizidwira momwemo. Mauna ena anawakulitsa kuti alendo azikwanamo. Amene anawakulitsawo sanaganizire za mimba ya mwamuna wopuma pantchito. Mayi analowa chokwawa n'kukatulukira kwina akuseka. Ine ndinalowetsa miyendo, mimba inakana, ndinauza wotiperekeza kuti kwathu mkulu salowa m'dzenje asanamwalire.

Pomaliza anatikhazika pamabenchi kuti tilawe chakudya chimene asilikaliwo ankadya m'masiku ovuta aja. Mbale itafika, mtima wanga unakhala pansi: chinangwa chophika, pambali pake mtedza wosinja wothira mchere. Azungu amene tinali nawo ankachijambula, kuluma pang'ono, kupukusa mitu mwachisoni. Wotiperekeza anafotokoza mavuto onse a nthawiyo, kenako anati ngati pali funso tifunse. Mayi anandiponda phazi, koma dzanja linali litakwera kale. Ndinafunsa ngati mumphikamo mwatsala china.